Kamzere ka pa Geti

Masana, Anock anali akusirira pulani imene anamaliza kujambula m'mawa pamene mkazi wake, Magret, analowa mu kaofesi kake ka ku Kawale atanyamula mbatata yootcha m'pepala. Chinali chaka cha 2006, ndipo pa mzere wonse wa mashopu aja iye yekha ndiye ankajambula mapulani a nyumba pa kompyuta. Anzake anali akadali pa pensulo ndi labala. Zimenezi zinkamupatsa matama, moti ngakhale moni ankayankha maso ali pa sikirini.

Pulani ya tsiku limenelo sinali ya kasitomala. Inali ya nyumba imene ankafuna kumanga pa puloti ya ku Chinsapo, yomwe malemu bambo ake anasiya. M'mawa wonse mayi ake anakhala pambali pake, akuloza ndi chala.

"Apa uike chipinda cha Lydia," anatero mayiwo. "Chikhale ndi khomo lakelake, asamakusowetseni mtendere."

Lydia, mlongo wake wa Anock, anali atabwerako ku ukwati ku Kasungu ndi ana awiri ndi chikwama chimodzi, ndipo ankagona m'kachipinda kodontha ku Mtsiliza. Anock anajambula makoma, khomo, zenera, nawonjezera kakhonde kamene sanapemphedwe n'komwe. Mayi anaomba m'manja, nakakwera minibasi kukauza mwana wawo kuti pogona papezeka.

Magret anaika mbatata patebulo n'kuwerama.

"Nanga ichi chatulukira kumbuyochi?"

"Cha Lydia."

"Cha alamu? Mpaka liti?" Anakoka mpando. "Bambo a Kenny, munthu akalowa m'nyumba ya njerwa zootcha, mukuona ngati adzatulukamonso? Tachotsani kaye, tione mmene ikuonekera popanda chimenecho. Kungoona chabe."

"Kuona si vuto," anatero Anock, wokondwa kuti wapeza mpata wophunzitsa mkazi wake. "Batani ili limandibweza m'mbuyo, sitepe ndi sitepe. Lina ili limabwezeretsa zonse zimene ndachotsazo. Bola ndisajambule china chilichonse pakati pake. Ndikangolemba ngakhale kamzere, basi, zija zapita."

Anayamba kudina. Kakhonde kanazimirira. Zenera linatsatira, kenako khomo, kenako makoma, limodzi ndi limodzi. Anadina kakhumi ndi kanayi, ndipo pamene panali chipinda panatsala bwalo loyera.

"Mwaona?" anatero Magret. "Apa galimoto ikhoza kumaima bwinobwino."

Galimotoyo analibe. Ngakhale njinga inali itaphwa matayala chaka chatha. Komabe tisamusenzetse Magret yekha mlanduwu: Anock atayang'ana bwalo lija, mtima wake unati myaa. Nyumba inaoneka ya bwana, osati ya munthu amene abale akumukangamira. Anachita manyazi ndi maganizo amenewo, koma manyaziwo sanamufikitse pa batani lobwezeretsa lija. Anadziuza kuti palibe chalakwika. Chipinda chinalipobe m'kati mwa makinawo, chikungodikira chala chake.

Apa m'pamene anamuona Lydia pa zenera, akuwoloka msewu ndi mwana kumbuyo, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Ankayenda mothamanga, akumwetulira yekha. Anock anali asanamuone akumwetulira chibwerereni ku Kasungu.

Magret anangomuyang'ana mwamuna wake, n'kuyamba kusenda mbatata.

Nthawi inalipo yokwanira kudina kakhumi ndi kanayi. Anock anakankha mausi ya kompyuta, muvi wa pa sikirini unafika pa batani lobwezeretsa, unaima pang'ono, kenako unatsetserekera kumunsi kwa pulani. Pambali pa geti anajambula kamzere kakafupi ngati kachitsotso ka machesi. Batani lija linazilala pompo.

"Odi, achimwene! Alamu, mwaswera bwanji?" Lydia analowa ali wefuwefu. "Amayi akuti kuli mpaka khonde. Ndati ndidzaone ndi maso anga. Chili pati?"

"Aaa, Lydia, wabwera nthawi yoipa," anatero Anock, akukanda m'mutu. "Ndimayesa zina ndi zina, ndiye kompyuta yameza chipinda chija. Taona wekha." Anadina batani lozilalalo kawiri, katatu, mwamphamvu, kuti phokoso lake limveke. "Ikukana. Makina awa ndi ovuta, akataya chinthu ataya."

"Zachisoni zedi," anatero Magret, mbatata ili m'kamwa.

Lydia za kompyuta sankadziwa chilichonse. Sukulu analekera fomu 2. Anayang'ana bwalo loyera lija nthawi yaitali, akugwedeza mwana amene anali atayamba kulira.

"M'mawa muja chinakutengerani nthawi yaitali bwanji, achimwene?"

"Chiyani?"

"Kujambula chipindacho."

"Mwina mphindi makumi awiri." Anayankha mofulumira, matama aja atamutsogolera, ndipo anazindikira mawu atatuluka kale.

"Ndiye jambulaninso. Ine ndidikira, sindikuthamangira kulikonse."

Anamasula mwana, nakhala pa benchi ya makasitomala, manja pa maondo. Anock anagwira mausi. Miyeso yonse inali m'mutu mwake: mamita atatu uku, anayi uku, khomo loyang'ana kum'mawa. Panja makondakitala ankaitanira a ku Chilinde ndi a m'tauni. Fani ya kompyuta inkalira. Dzanja lake linangokhala pamenepo ngati la munthu wina.

Lydia anadikiradi. Sanalire, sanafunsenso, ndipo zimenezo zinamupweteka Anock kuposa akanatukwanidwa. Mphindi makumi awiri zija zitatha, anaimirira, nabereka mwana, namanga chitenje mfundo ziwiri.

"Amayi ndikawauza kuti ndi kompyuta," anatero ali pakhomo. "Iwo akakhulupirira. Amakunyadirani kwambiri."

Anatuluka osatseka chitseko. Anock anamuona akudutsa pa siteji osaima, ngakhale minibasi inali itatsala ndi malo a munthu mmodzi. Anakhotera njira ya wapansi, kamutu ka mwana kakugwedezeka kumsana kwake, mpaka lole ya mchenga inamutchinga.