Maenvulopu Atatu a Oleta

Wendell anaimika basi ya ana asukulu kugalaja cha m'ma folo koloko, makutu akulirabe ndi phokoso la ana. Chikhala kale akanalunjika kunyumba. Koma m'thumba la jekete munali maenvulopu atatu a mkazi wake Oleta, olembedwa 1, 2, 3 ndi inki yofiira.

Masabata asanu apitawo Oleta anaterereka pa ayezi wa nyengo yozizira pakhomo n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Kuchokera tsikulo Wendell ndiye ankaphika, kuchapa ndi kumusambitsa, pamwamba pa ntchito ya basi. Zonsezo anazizolowera, kupatula kugula zinthu. Kwa zaka 34 imeneyo inali ntchito ya Oleta, amene Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi ankakhala patebulo ndi sizasi, kudula makuponi otsitsira mitengo m'nyuzipepala mofatsa ngati akusankha mpunga.

"Usaphatikize," anamuuza m'mawa wa tsikulo. "Uyambe ndi za mu envulopu yoyamba, ulipire. Makina atulutsa kapepala ka mphotho ka madola asanu. Kapepalako ukapereke pamodzi ndi makuponi a mu envulopu yachiwiri, ulipirenso. Yachitatu chimodzimodzi. Zonse zisapitirire madola 22. Wamva?"

"Ndamva."

"Wamva chiyani?"

"Ndamva, Oleta. Ndichedwa."

M'sitolo ya mankhwala anayambira kuzenera la kumbuyo, kukatenga mapiritsi a Oleta opha ululu. Kenako anazungulira m'mashelefu pafupifupi ola lathunthu, magalasi ali pamphuno, kuyerekeza chithunzi cha pa kuponi ndi botolo lililonse. Mankhwala otsukira mano machubu anayi, sopo wochapira, mavitamini, shampu, tishu. Pofika pa kauntala mawondo anali akuwawa ngati wina wathiramo mchenga.

Wogulitsa anali mayi wa imvi, pachifuwa palembedwa kuti Dolores. Anali atavula nsapato imodzi, phazi atalitsamiritsa pa katoni. Wendell anakhuthula basiketi yonse patsogolo pake.

"Zonse pamodzi, bambo?"

"Ee, pamodzi." Pakamwa panayankha mutu usanaganize.

Anatchula nambala ya foni ya Oleta, imene analembetsa musitolomo, anapereka maenvulopu onse atatu, ndipo makina analira kangapo.

"Madola 47 ndi masenti 80."

Wendell anayang'ana nambalayo, nkhope gwa. Anadziwa pomwepo chimene walakwitsa. Koma ndalamazo anali nazo, ndipo panja pafupi ndi chitseko panali bini. Angolipira, ataye lisitiyo, nkhani ithe. Dzanja linali litafika kale pachikwama pamene Dolores ananyamula envulopu imodzi n'kuitembenuza.

"Inki yofiirayi ndikuidziwa. Si za Mayi Oleta izi?"

"Ndi akazi anga."

"Ali kuti? Mwezi wonse sindinawaone. Ndimati atithawa, akugula kusitolo ya patsidyayo."

Wendell anafotokoza za ayezi ndi za chiuno. Dolores anapukusa mutu.

"Pepani, abale. Ndiye inu mulipire 47, mukalowa bwanji m'nyumba? Ngati mukuganiza zotaya lisiti, iwalani. Zonse zimatulukira pafoni yawo inu musanafike n'komwe pagalimoto."

Anafafaniza zonse pamakina, nayamba kugawa katunduyo m'milu itatu. Kumbuyo kwa Wendell mzere unali utakula. Bambo wina wovala ovolosi ya penti anakweza kabotolo m'mwamba.

"Mayi, tigona pompano kodi? Ine ndangofuna kamankhwala ka chifuwa aka basi."

"Makina olipirira nokha ali apo, bwana."

"Afa amenewo."

"Ndiye tonse tafa. Dikirani."

Ena anaseka, ena anatsonya. Wendell sanacheuke.

Mulu woyamba unayenda bwino. Machubu anayi, makuponi awiri, analipira, makina n'kulavula kapepala kotalika ngati lamba. Dolores anang'amba kumunsi kwake n'kumupatsa.

"Mphotho yanu iyo. Gwirani, kenako mundibwezere. Mayi Oleta amati kapepalaka kamayenera kudutsa m'manja mwa mwini wake kaye."

Pa mulu wachiwiri makina anakana kuponi ya mavitamini. Dolores anaiyandikitsa kumaso.

"Iyi inatha dzulo."

Wendell sanadabwe. Oleta anali atamutuma dzulo lake, iye n'kunena kuti misewu ikuterera, pamene misewu inalibe vuto lililonse.

Pa mulu wachitatu vuto linali shampu. Kuponi inkafuna botolo lalikulu, iye anatenga laling'ono.

"Lalikulu lili pashelefu nambala naini, pansi penipeni," anatero Dolores. "Thamangani, ndikudikirani."

Wendell anayang'ana komwe kunali shelefuyo, kumapeto kwenikweni kwa sitolo. Anayang'ana anthu asanu ndi mmodzi amene anali kumbuyo kwake, mayi wina atanyamula mwana wolira. Anaganiza zowerama mpaka pansi, ndi zodzukanso.

"Zisiyeni choncho, mayi."

"Ndi madola anayi amenewo."

"Ndikudziwa. Zisiyeni."

Dolores anamuyang'ana kamphindi, kenako anabweza kuponiyo mu envulopu. Zonse pamodzi zinakwana madola 28. Pomupatsa majumbo anati, "Mukawauze kuti achire msanga. Amanditopetsa, koma akasowa tsiku limatalika."

Kunja kunali kutayamba mdima ndipo mphepo inkaluma m'makutu. Anayendetsa galimoto pang'onopang'ono, wailesi osatsegula.

Anapeza Oleta ali pampando wake pabalaza, bulangeti pamiyendo, foni m'manja.

"28," anatero Oleta, Wendell asanatseke n'komwe chitseko.

"Ee."

"Shampu watenga wamng'ono."

"Ee."

"Nanga kuponi ya mavitamini?"

"Inatha dzulo."

Wendell anaika majumbo pansi n'kudikira zotsatira. Oleta anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumaso mpaka kunsapato zonyowa.

"Dolores wakuthandiza eti? Wekha sukanafika pa 28."

"Ndinayamba ndi 47. Akuti uchire msanga, umamutopetsa."

Oleta anaseka, kenako anagwira m'chiuno chifukwa kusekako kunamupweteka.

"Chaka chija anakuchotsa ntchito kufakitale," anatero, "ulendo wanga woyamba ndi makuponi ndinasokoneza zonse. Ndalama ya mkaka wa ana inathera pa sopo. Ndinakhala m'galimoto n'kulira, ndiye ndinapukuta maso n'kubwera kudzakuphikira. Sindinakuuze."

Wendell ankakumbukira chaka chimenecho. Ankakumbukira kuti mkaka sunasowepo m'nyumba, ndipo sanafunsepo kuti ukuchokera kuti. 

"Khala pansi," anatero Oleta.

"Ndiyambe ndalongedza izi."

"Sizithawa. Khala."

Anakhala pasofa, jekete akadali nayo, akuti apumule pang'ono chabe. Atatsegula maso, nyale ya pamsewu inali itayaka ndipo bulangeti la Oleta linali pamawondo ake. Oleta anali atapinda manja m'khwapa chifukwa cha kuzizira, akuonera TV mawu atatsitsa.

"Wadzuka?" anafunsa. "Ndili ndi njala, Wendell, ndipo mapiritsi aja safuna m'mimba mopanda kanthu. Katenthetse supu uja."

Wendell anamufunditsanso bulangetilo, anatola majumbo n'kulowera kukhitchini.