Makomiki a Malemu Saul

Nicodemus anatsomphola pepala lija m'manja mwa mayi amene ankakoleza mbaula, moto utadya kale ngodya imodzi. Analizimitsa ndi chikhatho, ndipo kupsako anakumva pambuyo pake.

"Amai, mwaitenga kuti iyi?"

"Pa khonde apo. Yali mbwee mu makatoni," anayankha mayiyo osadzutsa mutu. "Manje tiyase na chani malasha? Anthu afuna tiyi."

Mayiyo anali wa gulu la ku tchalitchi lophika pa maliro, ndipo sanalakwe chilichonse. Saul, mwini nyumba ya ku Chelstone ija, mtima wake unangoima ali kutsuka galimoto, ndipo anali ataikidwa dzulo lake. Pa nyumba ya maliro amatulutsa zonse za pabalaza kuti amayi apeze poyala matilesi. Mipando inatuluka, tebulo inatuluka, ndipo makatoni a makomiki amene ankakhala kuseri kwa sofa anatuluka nawo. Anangounjikidwa pakhonde pafupi ndi zigubu za madzi.

Makomiki ndi timabuku ta zithunzi tochokera kunja, tosimba za ngwazi zouluka ndi zonyamula nyumba ndi dzanja limodzi. Saul anatisonkhanitsa kuyambira ali mnyamata, kalikonse m'kathumba kake ka pulasitiki, motsatana bwino. Nicodemus wa ku Kabwata anali ndi matenda omwewo. Lachinayi lililonse awiriwa ankaweruka ku ntchito, n'kukatenga atsopano a sabata imeneyo pa kasitolo kena m'tauni, kenako n'kukakhala pa malo omwera tiyi pafupi ndi City Market. Amuna aakulu, imvi zili m'ndevu, kukambirana za anthu ojambula! Koma amuna ena amathera Lachinayi ku mowa, ndiye tisachulutse zonena.

Tsikuli linalinso Lachinayi. Miyendo ya Nicodemus inamutengera yokha ku kasitolo kaja m'mawa, ndipo mwini sitolo, amene sanamve za maliro, anamupatsa mapaketi awiri. "Iyi ni ya anzanu a zii aja," anatero. Nicodemus anangolandira. Tsopano mapaketiwo anali m'thumba la jekete lake, ndipo m'dzanja munali chikuto chopserera cha Mlonda wa pa Mlatho, buku limene Saul ankalikonda kuposa onse.

Anathamangira pakhonde. Anapeza katoni imodzi yotsegula, ina itanyowa pansi. Akuyesa kuzikokera kutali ndi madzi, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Ba Nico, musavutike. Ivo tigawa lelo pamodzi na vovala."

Anali Tryness, mlongo wake wamkulu wa Saul, amene ankayendetsa zonse pa malirowo atamanga chitenje pamwamba pa diresi lakuda.

"Kugawa bwanji, ba Tryness? Aya sagawiwa. Nkhani imodzi iyenda mabuku mabuku. Mukapatsa uyu atatu, uyu asanu, palibe amene ankhale na nkhani."

"Aliyense wa pa banja afunika kutengako kanthu ka malemu. Nsapato ni zochepa, masuti ni awili chabe, koma abululu, abale onse aja, ni ambili. Mapepala aya ndiye atithandiza." Anamuyang'ana kuyambira ku nsapato. "Imwe ndimwe mnzake, tiyamika. Koma pa nkhani ya banja simukambako."

Zinali zoona. Mnzake wa malemu amanyamula bokosi ndi kuthira dothi, koma pogawa katundu amakhala kunja kwa bwalo. Munthu mmodzi yekha akanatha kunena kuti ichi chisachoke pakhomo, anthu n'kumvera. Nicodemus anavula nsapato pakhomo n'kulowa.

Rhodah, mkazi wa Saul, anali pa matilesi pakona, msana utatsamira khoma, mpango wakuda kumutu. Anali atalira mokwanira ndipo maso anali ouma. Nicodemus anagwada, kenako n'kukhala pansi chapatali pang'ono.

"Mulamu," anatero, "nabwela kupempha. Makatoni aja asagawiwe."

"Chifukwa?"

"Ni moyo wake wonse."

"Moyo wake wonse unali ine na ana," anatero Rhodah, mosakweza mawu. "Koma nimvela. Zaka zonse izi nakhala nikusesa mozungulila makatoni aja. Nikafuna kusuntha sofa, ati yembekeza nibwele. Lachinayi chakudya chinali kuzizila pa tebulo. Sininafunsepo kuti muli chani, naye sananiuze, chifukwa anali na imwe wokamba naye." Analoza jekete. "Ivo vatupa mu thumba ni va sabata ino?"

"Ee."

"Niuzeni. Monga mwamene munali kukambila kuja."

Nicodemus anayang'ana amayi ena amene anakhala m'mbali mwa khoma. Ena anali ndi mabuku a nyimbo pamiyendo. Anachita manyazi, koma ankadziwa kuti khomo lake ndi lomweli. Anatulutsa paketi yake. Munali mabuku atatu, ndipo awiri anali atawawerenga kale m'basi.

Anayamba ndi mawu otsika. Buku loyamba linali la gulu limene iye ndi Saul ankalitcha Ana a Dzuwa, pakuti mayina a Chingelezi anawataya kalekale, ngwazi iliyonse anaipatsa dzina lawolawo.

"Aba asintha wojambula," anatero. "Watsopano sadziwa manja. Onani apa, vala vili monga chinangwa. Ndewo yatenga buku yonse, koma simungadziwe amene amenya na amene amenyewa. Ni utoto chabe. Uyu anali kuthamangila kukadya."

Mayi wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Kusekako kunamulimbitsa Nicodemus. Msana unawongoka, mawu anakwera, chala chinayamba kugogoda pa chikuto monga ankachitira pa tebulo la tiyi lija.

"Manje iyi ya Kamvuluvulu ndiye yanikwiyitsa. Anamupha mwezi wa Epulo. Maliro aakulu, mvula, anzake onse kulila, ise kugula. N'nanena ine kuti ni bodza. Lelo uyu, wabwela! Ati anali chabe mu dziko ina. Mu mabuku aya imfa ilibe mano, mulamu. Munthu akafa mungoyembekeza miyezi ingapo, azagogoda pa chitseko. Ni kunyoza owelenga. Wakufa afunika kufa, basi."

Mawu atatuluka ndi pamene anakumbukira kumene anali. Panja supuni inkagunda m'kapu.

"Pepani, mulamu."

"Musapepese. Mwakamba zoona," anatero Rhodah. "Wathu sazagogoda." Anakonza mpango wake. "Nanga yachitatu?"

Buku lachitatu linali Mlonda wa pa Mlatho. Nicodemus ankaligula kuti mndandanda wake usaduke, koma ankalilowetsa m'pulasitiki osalitsegula. Anawerenga oyambirira okha, zaka zambiri zapitazo, ndipo chiweruzo chake chinathera pomwepo.

"Iyi ni ya mudala wina wamphamvu maningi," anatero. "Mlatho wa mu tauni yao unafuna kugwa, iye anaugwila na mapewa. Kuchokela apo sanachokepo. Akachoka, ugwa. Ndiye buku iliyonse ni anthu chabe kupita pamwamba, ena kutsika kukamba naye. Palibe ndewo, palibe kuuluka. Ine nimati ni buku ya munthu woimilila."

"Iyo ndiye anali kuwelenga kawili," anatero Rhodah. "Nimaidziwa chikuto. Tsiku lina n'namupeza apukuta maso, ati ni chimfine." Anamuyang'ana Nicodemus m'maso. "Maganizo yanu namvela, ni ambili. Manje niuzeni a Saul. Anali kuonamo chani mu mudala uyu? Mukaniuza, makatoni sachoka pano, nizakamba na ba Tryness ine mwine. Nizaziwa kuti nisunga chani. Koma ngati palibe amene aziwa, ni mapepala chabe, ndipo nyumba ni ing'ono."

Nicodemus anatsegula pakamwa. Munthu amene sankasowa chonena pa buku lililonse anayembekeza kuti mawu abwera okha monga mwa masiku onse.

Anaona tebulo lija la pafupi ndi City Market, lopendekeka mwendo umodzi. Anamuona Saul akuthira shuga, akutembenuza kapu m'manja, akuyamba kuti, "Koma iwe Nico, ya mwezi uno, pali pamene mudala..." Chiyambi chimenecho anachikumbukira bwino, pakuti anachimva kambirimbiri. Chotsatira chake panalibe. Pamenepo ndi pamene iye ankadula, amvekere, "Aa, woimilila uja? Siya, ona iyi," n'kukankhira buku lina patsogolo. Saul ankangomwetulira n'kumwa tiyi wake.

Akanatha kupeka. Lilime anali nalo, ndipo Rhodah sakanadziwa. Akanati Saul ankaonamo kupirira, kapena chikondi cha bambo pa banja lake, amayi a m'mbali mwa khoma akanavomera kuti ameni. Koma Nicodemus, pa zolakwa zake zonse, sananamepo za buku. Akati labwino ndiye kuti walionadi labwino.

"Siniziwa, mulamu," anatero.

"Sanakuuzeni?"

"Anali kuyamba. Ine sin'nali kumulekela kutsiliza."

Rhodah anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo umene ankauyembekezera. Sanamukalipire. Anaitana mtsikana wina kuti akauze Tryness kuti makatoni alowe m'bwalo pamodzi ndi zovala.

Anagawa masana, pansi pa tenti, mipando ya pulasitiki itazungulira mphasa. Abusa anapemphera mwachidule. Tryness ankatchula dzina, munthu n'kubwera, n'kugwada, n'kulandira: uyu shati ndi makomiki odzaza dzanja, uyu lamba ndi makomiki odzaza dzanja. Ankangotapa monga mmene amatapira kapenta pa msika, osayang'ana kuti akutapa pati. Msuweni wa ku Kabwe anapinda ake pakati n'kuwalowetsa m'thumba la kumbuyo. Azakhali a ku Chipata anachotsa timatumba ta pulasitiki tija, amvekere n'tabwino kusungiramo mbewu. Makomiki ena anapita ku Libala, ena ku Kitwe. Palibe amene anachita mwano. Aliyense analandira ndi manja awiri, ndipo ena analira polandira.

Nicodemus anaonerera ali chiimire kunja kwa tenti, pafupi ndi mpanda. Anaona Mlonda wa pa Mlatho akumwazikana, chidutswa uku, chidutswa uko. Chikhatho chopsa chija chinali chitatuluka thuza.

Atatha, anapita kukatsanzika. Anatulutsa paketi ya Saul, yosatsegula, n'kuipereka kwa Rhodah. Iye anaing'amba, n'kusankhamo Mlonda, n'kumubwezera.

"Iyi ni gawo yanu. Musaiike mu pulasitiki."

"Nili nayo kale yanga, mulamu."

"Niziwa. Yanu simuwelenga. Welengani yake."

Anakwera basi yobwerera m'tauni, mpando wa kumbuyo, mawondo atapanikizika. Basi isanafike pa siteji ya Munali, buku anali atalitsegula.

Munalibedi ndewo. Mzinda unali utamanga mlatho watsopano chapafupi, magalimoto onse n'kusamukira kumeneko. Akuluakulu anabwera kudzauza mudala uja kuti tsopano atha kuchoka. Iye anafunsa ngati pali amene amadutsabe pa wakalewo. Anati alipo ochepa, oyenda pansi, amene watsopanowo wawatalikira. Tsamba lomaliza linali chithunzi chimodzi chachikulu chopanda mawu: mudala ali pomwepo, mapewa ali pansi pa zitsulo, pamwamba pakudutsa mayi mmodzi ndi njinga.

Nicodemus anayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Maganizo anali nawo, monga mwa masiku onse: wojambulayu ankadziwa mapewa, ankadziwanso kusiya malo opanda kanthu. Koma chimene chinamutsalira chinali funso. Kodi Saul akanati mudalayu wachita bwino, kapena wapusa? Kodi ankamusirira, kapena ankamumvera chisoni? Kodi pa tsamba ngati limeneli ankaganiza za yani? Anatembenukira kumanzere, mbali imene Saul ankakhala nthawi zonse, pakamwa patatseguka kale. Panali mayi wina atagona tulo, beseni la tomato lili pamiyendo.

Anatsika pa City Market. Malo a tiyi aja anali otsegula, tebulo lopendekeka lija lilibe munthu. Mtsikana wogulitsa atamuona ananyamula makapu awiri. Nicodemus anamukwezera chala chimodzi.

Yankho la funso lake palibe amene ali nalo, ku Chelstone, ku Kabwe kapena ku Chipata. Linali pa tebulo limenelo sabata ndi sabata, laulere, ndipo linapita ku manda osalitola munthu.

Ndiye inu amene muli ndi mnzanu wokhala naye pa tiyi, kaya mumakamba za mpira, za tchalitchi kapena za anthu ouluka, musachite za Nicodemus. Maganizo anu sathawa, mudzawanena. Mnzanuyo akayamba kuti "koma iwe," ikani kapu pansi, mutseke pakamwa, mumulole atsirize.