Matepi Odulidwa a Yohane

Alfonsi anakhuthula katoni ya matepi pamphasa, pafupi ndi mapazi a Ketilina, mkazi wamasiye wa mkulu wake.

"Wogula wa ku Mwami uja wabweza onse. Akuti filimu iliyonse ndi yoduladula. Wadula ndani?"

Maso ake anali pa Sesiliya, mwana wa malemuyo. Panali patangopita masiku anayi chiikireni Yohane m'manda, koma kachipinda kake koonetsera vidiyo ku Nabvutika kanali kale ndi loko wa Alfonsi.

"Si ine, bambo aang'ono."

"Nanga ndani? Anzako ku yunivesite akuphunzira udokotala, iwe zaka zinayi ukuphunzira kuonera mafilimu! Pamaliro sunalire n'komwe, umangofunsa za matepi."

"Ankadula okha atate. Digiri yanga yagona pa nkhani yomweyo."

Sanali kunama. Sesiliya anali atalemba masamba makumi asanu ndi limodzi osonyeza kuti Yohane, podula mafilimu a ku India ndi ku Hong Kong ndi lezala, ankakana kuti nkhani za alendo zitilamulire. Aphunzitsi ake anayamikira kwambiri. Chotsala chinali umboni.

"Ndikupempha matepi khumi okha, ndikaonetse ondiyesa mayeso."

"Ngakhale imodzi! Munthu wanji angawononge katundu wake yemwe? Ukunamizira mbale wanga poti sangayankhe. Vomera, apo ayi ndiwotcha zonsezi pompano."

Ketilina anadzuka n'kulowa kuchipinda. Anatuluka ndi chitini chakale cha mkaka.

"Alamu, tsegulani."

M'chitinimo munali tizidutswa ta tepi, topindidwa bwinobwino, kalikonse komangidwa ndi ulusi pamodzi ndi kapepala. Alfonsi anawerenga kamodzi mokweza, mwachipongwe.

"Mwana wamira mumtsinje."

Anatenga kachiwiri. "Mwana wafera m'manja mwa mayi ake." Kachitatu anakawerenga chamumtima.

"Atate ako anayamba kudula chaka chimene tinaika Tryness, mng'ono wako," anatero Ketilina kwa Sesiliya. "Ankati m'chipinda muja mumalowa anthu ambiri, ndipo sungadziwe amene waika mwana dzulo."

Sesiliya anawerama n'kuyang'anitsitsa tizidutswa tija m'chitinimo.

"Masamba makumi asanu ndi limodzi," anatero Alfonsi, "osawafunsa atate ako ngakhale kamodzi?" Anakankha katoni ija ndi phazi. "Tola zonse. Ukawauze aphunzitsi akowo kuti munalakwa nonse."

Anatambasula dzanja kuti apereke chitini chija kwa Sesiliya, koma Ketilina anachilanda. Anabwezeramo timapepala titatu tija, kamodzikamodzi, n'kutseka chivindikiro ndi chikhatho.

"Matepiwo gawanani mmene mungafunire," anatero. "Ana awa sapita kulikonse."

Anachikulunga m'chitenje chake chakuda n'kukhala nacho pamiyendo.