Zingwe za Nsapato za a Sajeni

A Sajeni anakankhira ndodo yawo kuseri kwa benchi, n'kuwongola kolala ya shati. Akazi awo, amake mapasa, anaziona zonsezo.

Aka kanali kachiwiri kubwera ku ofesi ya asilikali opuma kudzapempha chithandizo cha olumala pa ntchito. Chaka chatha anadzaza mafomu mpaka zala kuwawa, koma yankho linabwera la mzere umodzi: wopemphayu akuyenda bwinobwino. Nanga dokotala akanalemba chiyani, munthu atalowa ngati ali pa perete? Tsopano kalata inanena mosapita m'mbali kuti uku n'kupimidwa komaliza. Akakanidwa lero, fayilo itsekedwa basi. Ntchito ya ulonda nayo inali itatha kale, chifukwa msana umene unavulala galimoto ya asilikali itagubuduzika sunkawalola kuima ngakhale ola limodzi.

Amake mapasa anawanong'oneza kuti atenge ndodoyo. Bambowo anayankha osacheuka kuti msilikali salira pagulu.

"Ndiye ulemu wanuwo ndi umene tiziphika kunyumba?"

"Mayi, mwabwera kudzandiperekeza kapena kudzandilamula?"

Asanayankhe, nambala yawo inaitanidwa.

Dokotala anali mtsikana wa magalasi, msinkhu wa mapasa awo omwe. Apo ndiye zinaipiratu, chifukwa a Sajeni sakanadandaula kwa mwana. Atafunsidwa za ululu, anati n'zazing'ono, amuna amalimba. Atauzidwa kuti ayende mpaka pachitseko n'kubwerera, anaguba mano ali gwa, thukuta likutsikira m'khosi. Cholembera cha dokotala chinkangothamanga.

Amake mapasa analephera kupirira, n'kuyamba kufotokoza. Dokotala anawadula mwaulemu, kuti lamulo limamulola kulemba zimene wanena mwiniwake ndi zimene iye waona ndi maso. Mayiwo anakhala pansi atakwiya. Ankamukonda munthu ameneyu, koma tsiku limenelo ankafuna kumugwedeza ngati mtengo wa zipatso.

Kenaka dokotala anauza a Sajeni kuti avule nsapato, agone pabedi.

Nsapatozo zinali zonyezimira, zingwe zomangidwa bwino, ndipo amake mapasa ankadziwa amene anamanga. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, m'mawa uliwonse, ankatseka chitseko cha kuchipinda, n'kugwada, n'kuwaveka amuna awo masokosi ndi nsapato. A Sajeni anawalumbiritsa kuti asadzauze munthu, ngakhale ana.

Bambowo anawerama. Zala zinafika m'mawondo n'kuima pomwepo. Anayesanso, mpweya ukutuluka ngati wa munthu wosenza thumba, koma ayi ndithu. Anadzuka n'kunena kuti nsapato za asilikali sizivulidwa mwachisawawa.

Dokotala anayang'ana wotchi. Anati ngati sakufuna sawakakamiza, zimene waona zakwana, ndipo anayamba kutseka fayilo.

Lumbiro linawamanga pakamwa amake mapasa, ndipo ngakhale akanaliswa, mawu awo sakanalembedwa. Anangoyang'ana amuna awo m'maso.

"Bambo, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine pano ndafika pothera."

A Sajeni anayang'ana nsapato zawo nthawi yaitali.

"Adokotala, musatseke." Mawuwo anatuluka osasa. "Zingwezi sindinamange ine. Phazi langa sindinalikhudze zaka zisanu ndi chimodzi. Amandiveka ndi mayiwa. Amandisambitsanso ndi iwowa."

Atatero anatembenukira kwa akazi awo, n'kuwapempha chapansipansi kuti abwere awavule.

Amake mapasa anagwada pa simenti yozizirayo, mlendo akuona. Mfundo zimene anamanga okha m'mawa zinawavuta kumasula, chifukwa misozi inkawatchinga. Anamva manyazi a amuna awo ngati awo omwe, komanso anamva kupepuka kumene anali atakuiwala. Dokotala anatsegula tsamba latsopano, n'kufunsa kuti ayambire pa tsiku la ngozi, osasiya kanthu. A Sajeni analankhula pafupifupi ola lathunthu.

Yankho, anatero dokotala, lidzabwera pa kalata. Sanalonjeze chilichonse.

Potuluka, benchi ija inali itadzaza asilikali anzawo akale, ena owadziwa. Amake mapasa anafuna kudutsa msanga kuti ndodo aitenge mobisa. Koma a Sajeni anaima pakati pa khonde, atagwira khoma.

"Mayi," anatero mokweza, aliyense akumva, "tandipatsirani ndodo yanga."