Siginecha ya Atate a Tryness

Olipa Njobvu ankasoka zovala ku Makandanyama. Makina ake anali opalasa ndi phazi, ndipo tsiku lonse ankakhala pakhonde kusoka mayunifomu a ana asukulu ndi mabulauzi oyera a amayi a Chigwirizano.

M'chaka cha 1984 kadontho kakuda kamene kanali kuphazi kwake kwamanja kanayamba kukula ndi kutuluka magazi. Kuchipatala anakadula, nakatumiza ku Lusaka kuti akakapime. Patapita milungu itatu dokotala anamuitana.

"Amayi, iyi ndi khansa yapakhungu, timaitcha melanoma," anatero dokotalayo. Kenaka anamupima m'mphechepeche napeza mwanabere wolimba ngati nsawawa youma. "Matendawa akachoka kuphazi amayamba kuima apa. Pali timibulu tingapo pamalo amenewa. Tiyenera kutichotsa tonse, msanga, asanapitirire."

"Chotsani ngakhale lero," anayankha Olipa.

Koma Sisitala Beauty, nesi wamkulu wapawodi, anamupatsa fomu nati apite nayo kunyumba. "Ndinu apabanja. Ine sindilemba dzina lanu pa mndandanda wa opaleshoni popanda siginecha ya amuna anu. Tinavutikapo kale ndi azibambo obwera kudzalalata kuno."

Mwamuna wa Olipa, Gershom, ankagwira ntchito kunjanji ndipo anali mkulu wampingo. Anawerenga fomuyo kawiri, naipinda, naiika m'Baibulo.

"Sindisaina," anatero.

"Mwati bwanji, atate a Tryness?"

"Khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imalusa. Aliyense akudziwa zimenezo. Ndiye malo ake amenewo? Mwamuna wina azikang'amba mkazi wanga m'mphechepeche, ine nditavomereza ndi dzanja langa? Tipemphera."

"Pempherani mutasaina!"

Gershom anavala jekete natuluka.

Sabata inatha, ina inathanso. M'mawa uliwonse Olipa ankagwira pamalo paja, ndipo chotupacho chinafika ngati dzira la nkhunda. Anabwerera kwa Sisitala Beauty kukapempha kuti asaine yekha, koma anam'bweza. Zaka makumi awiri ndi ziwiri Olipa anachapira Gershom maovolo a girizi, anam'berekera ana asanu, anasunga amayi a mwamunayo mpaka kuwaika m'manda ku Petauke. Lero thupi lake lomwe linali la mwini wina, lotsekeredwa m'buku pa shelefu. Tsiku lina anapalasa makina mwaukali mpaka singano zitatu zinathyoka motsatizana.

Loweruka lachinayi chilandirireni fomu ija, akulu ampingo anali ndi msonkhano kutchalitchi. Olipa anatenga Baibulo la mwamuna wake nayenda motsimphina mpaka kumeneko. Sanagogode. Analowa m'kachipinda momwe amuna asanu ndi atatu anakhala mozungulira tebulo pamodzi ndi abusa.

"Amai Njobvu, muno muli msonkhano," anatero abusa.

"Ndikudziwa, abusa. Ndabwera ndi nkhani ya maliro."

"Maliro a yani?"

"Anga."

Anakoka mpando, naikapo phazi, namasula bandeji. Bala la mpeni linali lisanapole bwino. Amuna ena anayang'ana kumbali.

"Musatembenuke! Onani. Apa ndi pamene zinayambira. Tsopano zafika pamwamba, pamalo pamene mkulu wanu uyu akuti ndi pake. Dokotala akuti achotse, iye akuti ayi. Ndiye poti muli pamodzi, gawanani ntchito lero lomwe. Wina akhome bokosi, wina asankhe nyimbo. Nsalu yake ndisoka ndekha, mphamvu ndikadali nazo."

"Amake Tryness, ukundichititsa manyazi," Gershom ananong'ona.

"Manyazi? Inu mukuopa manyazi, ine ndikuwola ndili moyo!"

Anatsegula Baibulo lija, nasolola fomu, naimenyetsa patebulo. A Sailas Mwanza, mkulu wachikulire amene ankalemba za msonkhanowo, anakankhira cholembera chawo kwa Gershom.

"Sainani, a Njobvu. Mkazi wanga anapita ndi chotupa cha m'bere. Ine ndinalibe pepala loti ndisaine, tinachedwa kalekale."

Gershom anasaina. Olipa anatenga pepalalo natuluka osathokoza aliyense.

Anam'chita opaleshoni Lachinayi lotsatira. Anatsitsimuka ali ndi bala lalitali m'mphechepeche ndi kapaipi kotulutsa madzi ofiirira kupita m'botolo pansi pa bedi. Zotsatira zitabwera kuchokera ku Lusaka, dokotala anakhala pambali pake.

"Tinachotsa timibulu khumi ndi kamodzi. Tinayi tinali ndi matenda."

"Mukanachotsa tsiku lija munandiona, tikanakhala tingati?"

Dokotala anati: "Sindingadziwe, amayi. Koma tsiku lija ndinamva kamodzi kokha ndi zala zanga. Muzibwera miyezi itatu iliyonse tizikuonani. Sindikulonjezani kuti zatheratu."

Sisitala Beauty atabwera kudzasintha bandeji, Olipa anamuuza maso ndi maso kuti mwezi umene unatayika uja, theka lake linali la iye. Nesiyo anangomanga bala nachoka.

Gershom ankabwera masana aliwonse atanyamula malalanje. Olipa ankawagawira odwala anzake iye akuona. Tsiku lina bamboyo anagwada pambali pa bedi.

"Ndinkaopa kuti ufera patebulo, amake Tryness."

"Mukanandiuza zimenezo, tikanaopa limodzi. Inu munandiuza za mwamuna wina."

Atatuluka m'chipatala, mwendo wamanja unayamba kutupa, pakuti timibulu titachotsedwa madzi am'thupi analibenso njira yake yakale. Unkalemera ngati chipika, ndipo nsapato inaleka kulowa. Dokotala anati aziumanga ndi bandeji yolimba ndi kuuika pamwamba akakhala pansi. Olipa sanabwerere kunyumba kwa Gershom. Anatuma mwana wake wamkulu, Tryness, kukatenga zovala zake, nakakhala kwa mng'ono wake ku Makululu.

Abusa anapita kawiri kukamunyengerera. Ulendo wachiwiri Olipa anawalandira bwino, anawaphikira tiyi, nawauza kuti akabwerera mwendo ukaphwa. Abusa anafunsa kuti kodi dokotala wati uphwa liti.

"Wati suphwa," anatero Olipa.