Kamaikolofoni ka Pachifuwa cha a Mhango

Kalata ya Keziah inafika ku Area 25 Lolemba, ndipo pofika Lachitatu panalibe wa mumpingo amene anali asanaimve, chifukwa abambo Gilford Mhango ankayenda nayo m'thumba la jekete ngati chiphaso. Keziah, mwana wawo woyamba, anali namwino ku Botswana, ndipo ukwati wake unali konko kumapeto kwa mwezi. Makolo sakanatha kupita. Mapasipoti anali asanatuluke, komanso miyendo ya amayi Rozina inali itadana kalekale ndi mabasi a masiku awiri. Choncho mwanayo anapempha chinthu chimodzi chokha: bambo ake alankhule pa tepi ya vidiyo kuti akaionetse paukwatipo. Mnzake wina ankanyamuka Loweruka m'mawa, ndiye woitenga.

A Mhango anali kalaliki wopuma wa kufodya ku Kanengo, mkulu wa mpingo, ndiponso munthu amene chibadwire sanalankhulepo mwachidule. Pamaliro, anthu ankayamba afunsa ngati a Mhango ali papulogalamu asanasankhe pokhala, kuti dzuwa likamatembenuka liwapeze pamthunzi. Tsopano mawu awo ankadumpha malire a dziko. Iwo sanadabwe nazo. Ankangoona kuti zachedwa.

Wojambula anali Leston wa ku Kawale, bambo wa ana anayi amene phewa lake lamanja linali litatsika chifukwa chosenza kamera m'maukwati. Lachitatu masana anaika mpando pansi pa mtengo wa mapeyala, a Mhango anakhalapo atavala suti, nalankhula mphindi makumi anayi. Kenako onse analowa m'nyumba kukaonera padeki ya vidiyo.

Chithunzi chinali chabwino ndithu. Koma chomveka chinali tambala wa aneba, chigayo cha kuseri kwa mseu, ndi mayi wina wofuula kuti ali ndi bonongwe. Pakati pa zonsezo panali a Mhango akutsegula ndi kutseka pakamwa ngati nsomba yoti yangovuulidwa.

“Kamerayi siidziwa wamkulu, bambo,” anatero Leston. “Imatola aliyense wokuwa. Pakufunika kamaikolofoni kopanira pamalaya, kamene kamamva mwini wake yekha.”

“Nanga kanu kali kuti?”

“Makoswe anadya waya wake. Mawa tipite m'tauni.”

Lachinayi anayambira m'sitolo ina yaikulu ya ku Malangalanga. Kumeneko kunali kamaikolofoni kopanda waya, kogona m'bokosi lagalasi ngati mphete ya ukwati. A Mhango anafunsa mtengo, atauzidwa anakhosomola kawiri. Inali penshoni ya miyezi itatu.

“Si nkhani ya ndalama ayi,” anauza Leston atatuluka panja. “Koma chinthu chopanda waya sindichikhulupirira. Mawu ayenda bwanji popanda njira? Akasochera kupita kunyumba ya wina?”

Leston anavomereza kuti zimenezo n'zoopsa zedi, nawatengera mumsika kwa amayi Zaituni, amene ankaoda katundu wa mawailesi ku Joni. Mayiwo anatulutsa timaikolofoni titatu m'chitini cha mabisiketi. Koma maso a a Mhango anali atagwera kale pa china chachikulu chonyezimira, chogwira m'manja, chimene chinapachikidwa pamsomali.

“Icho ndiye cha msinkhu wanga.”

“Chimenecho n'choseweretsa ana, bambo,” anayankha amayi Zaituni. “Mukachisindikiza chimaimba chokha nyimbo ya Khirisimasi.”

Leston anatenga titatu tija n'kuyamba kutiyesa ngati akusankha nkhuku. Koyamba mutu wake sunkalowa pabowo la kamera. Kachiwiri kankafuna batire longa batani la malaya, limene amayi Zaituni anati limapezeka ku Joni komweko. Kachitatu kanali kakuda, konyozeka, kamutu ngati nsawawa, koma waya wake unali wautali mikono isanu ndi umodzi ndipo kopanira kake kankaluma nsalu osataya.

“Aka,” anatero Leston.

“Kameneka? Mawu anga onse alowa m'kanthu aka?”

“Yesani mumve, bambo. Nanenso ndili ndi makasitomala ena,” anatero mayiwo, akukalumikiza ku wailesi ya kaseti.

A Mhango anakatsina ndi zala ziwiri, dzanja linalo litagwira chipewa, nati, “Ine Gilford Mhango.” Tepi itabwezedwa, mawu anatuluka oyera, onenepa, ngati a wowerenga nkhani za pawailesi. Anapempha kuti aibwezenso. Atamva kachitatu analipira osanenerera, chinthu chimene amayi Zaituni anachikumbukira kwa zaka.

Lachisanu masana mpando unabwerera pansi pa mtengo. Leston anapanira kamaikolofoni patayi, pakati penipeni pa chifuwa, nabisa waya m'jekete. A Mhango anayamba. Analongosola za sukulu imene anaphunzira kwawo ku Ekwendeni, za mabelo a fodya amene anawalemba osalakwitsa ngakhale limodzi, za mabanja khumi ndi awiri amene iwo anawayanjanitsa. Keziah anatchulidwa kawiri.

Poonera, tambala panalibe, chigayo panalibe. Mawu anali ngati mafuta. Koma asanathe chiganizo choyamba, sikirini inachita kuti dii! ngati munthu wagwetsa thumba la simenti. Patangopita kamphindi, dii! Galu amene anagona pakhomo anadzuka n'kuchokapo.

“Watibera mayi uja!” anakalipa a Mhango. “Ndinanena ine kuti kanthu kotchipa…”

Leston anagwedeza waya, anauzira pabowo, anakanda m'mutu. Amayi Rozina, amene nthawi yonseyi ankasankha nyemba m'lichero pakona, sanadzutse n'komwe mutu.

“A Leston, tabwezani pang'ono. Musamvere mawu. Muone dzanja.”

Anabweza. Pasikirini a Mhango anati, “Ine,” ndipo dzanja lamanja linanyamuka n'kukagwa pachifuwa. Dii! “Ine amene ndinakulera.” Dii! “Ineyo.” Dii! Dii! Leston anayamba kuwerenga ndi zala, koma atafika makumi asanu ndi limodzi anasiya chifukwa cha ulemu.

“Sindichita zimenezo ine,” anatero a Mhango, dzanja lili kale pachifuwa.

Amayi Rozina anati, “Ndaziona zaka makumi atatu ndi chimodzi, bambo a Keziah. Malaya anu onse amayamba kutha pamenepo.”

Anatulukanso. Leston anasamutsira kamaikolofoni pakolala, koma chifuwa cha a Mhango chinali ng'oma yabwino, kankamvabe. Anawapempha kuti apise manja m'matumba. A Mhango anati mkulu wa mpingo salankhula ndi apongozi manja ali m'thumba ngati kondakitala. Anayesa kuwaika kumbuyo. Ziganizo ziwiri zinadutsa bwino, pa chachitatu dzanja linathawa lokha.

Tsopano dzuwa linali litapendeka, ndipo kagetsi kofiira ka pakamera kanayamba kuphethira.

“Bambo, batire latsala la mphindi zisanu, ndipo kuwalaku kukutha,” anatero Leston. “Kamerayi mumdima imajambula mano okha. Ikakanika apa, basi ya mawa ipita yopanda tepi.”

 M'maganizo mwawo a Mhango anaona holo ya ku Botswana, anthu atakhala, sikirini ili bii, mwana wawo akufotokozera apongozi kuti bambo ake alipo ndithu, kungoti sanathe. 

Amayi Rozina anaika lichero pansi, anakonza duku, nakoka mpando wina. Anakhala pambali pa amuna awo, anatenga manja onse awiri a mkuluyo n'kuwapanikiza pamaondo pawo.

“Amayi a Keziah, anthu akuona.”

“Aone. Jambulani, a Leston.”

Chikwatiranireni anali asanagwiranepo manja pabwalo. A Mhango anayang'ana kamera, anatsegula pakamwa kuti ayambe monga mwa masiku onse, koma popanda dzanja mawu aja anakana kutuluka. Zinali ngati kuyendetsa njinga yopanda tcheni. Ekwendeni inasowa, mabelo a fodya anasowa. Tepi inkangozungulira.

“Keziah, mwana wanga,” anatero potsiriza, ndi mawu aang'ono amene Leston sankadziwa kuti mkuluyo ali nawo. “Uli kutali. Uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri unkandidikira pamsewu madzulo kuti undinyamulire chikwama, ndipo chinkakhwekhwereza pansi. Sindinakuuzepo kuti ndinkatsikira dala siteji yakutali kuti tiyende nthawi yaitali. Mwamuna wakoyo sitinamuone, koma ngati wamusankha iwe, ndi wathu. Muzidyera pamodzi. Mukayambana musagone osalankhulana. Amayi akowa amakusowa, misozi ikatuluka amangoti ndi utsi wa mbaula. Apongozi, mwanayo tisungireni. Yewo chomene.”

Apa amayi Rozina anachotsa dzanja limodzi kuti apukute m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kunali kulakwitsa.

“Ndatha ine bambo ako.” Dii!

Kagetsi kofiira kanazima.

M'nyumba anaonera onse atatu, galu atasuzumira pakhomo mokayikira. Zonse pamodzi zinali mphindi zinayi, zimene kumpingo palibe akanakhulupirira. A Mhango anati akanakhala ndi nthawi akanawonjezerako mfundo zisanu ndi imodzi, koma sananene mokweza, ndipo mpango wawo unali m'manja.

“Kugunda komalizako ndikhoza kukufufuta usiku uno ndikatchaja batire,” anatero Leston, akukulunga waya wa kamaikolofoni pachala.

“Ayi, kusiyeni,” anatero amayi Rozina, akutola lichero lawo. “Mukakuchotsa, Keziah aziti tinachita kubwereka bambo wa eni.”