Udzu Umene Anazula Bambo a Lanzhi

Mwamuna wanga Geng akamva kuti kukubwera alendo amafuna kusambitsa ndi abakha omwe. Ndiye tangoganizani atamva kuti a Pang, eni sitolo ya matayala m'tauni, akubwera kudzafunsira mbeta mwana wathu Lanzhi. Mnyamata wawoyo Lanzhi sankamufuna n'komwe. Analira, anakana kudya, koma bambo ake anangoumitsa khosi.

Ife timaweta nkhanu panyanja kuseri kwa nyumba. Madzi ake amalekeza m'chiuno, pansi pake udzu wokhawokha. Geng anati udzuwo utichititsa manyazi, uzulidwe. Musamudabwe, iyeyu anakulira kumapiri, nkhanu anazidziwira m'mbale.

"Bambo a Lanzhi, mutu ukuyenda bwino?" ndinatero. "Mu udzumo mumabisala tizilombo tosaoneka ndi maso, todya ndere. Mukazula, nsomba zidya tizilomboto tonse. Ndereyo mudzadya ndinu?"

"Amayi, asiyeni abambo," anatero Lanzhi, mwana wokulira m'bwato, wodziwa madziwa kuposa ine. "Alendo adzaone madzi oyera." Anatenga yekha chokokera udzu. Ndinamuyang'ana, iye n'kundiyang'ananso, ndipo ndinatseka pakamwa panga.

Anazula awiriwo mpaka pansi panatsala matope. Dzuwa nalo linachita ngati lalipidwa. Pofika tsiku la alendo madzi anali obiriwira, olimba ngati phala, fungo lake lothawitsa ndi ntchentche. Nkhanu zinkatuluka m'madzi, kukwera masitepe a khonde kufuna mpweya.

Mayi Pang anatsika m'galimoto mpango uli pamphuno. Nkhanu ina inawakwera pansapato.

"Mwana wanga azidzadyera Chaka Chatsopano pano?" Mayi Pang anafunsa amuna awo, ife tili pomwepo. Tiyi anamusiya akadali wotentha, ndipo sitinawamvenso.

Nkhanu zambiri zinafa. Zinandiwawa, sindinama, poti zinali chakudya chathu cha chaka chonse. Geng anakhala pakhonde n'kumayang'ana zitayandama chagada. Kenako anatembenukira kwa mwana wake.

"Iwe unkadziwa, eti?"

"Ndinkadziwa, abambo."

"Nkhanu zonsezi, chifukwa cha mnyamata mmodzi?"

"Ndinakuuzani ndi pakamwa, simunamve."

Geng anaimirira. Ndinkadikira kuti akalipe, ndili chire kumuyankha. Koma anangopinda buluku mpaka m'maondo, n'kufunsa Lanzhi kuti udzu wodzala tikaupempha kwa ndani.